Amwenye Tisamangowadziwira pa Kauntala

Mkangano umene ndikuutula pano udayambira pakhonde la mlongo wanga ku Kawale, Lamulungu lina masana, titangosamba m'manja kuchoka pa nsima. Mwana wake wachisamba, mtsikana amene tonse pamtundu tidasonkherana kuti afike ku yunivesite, adabwera kutchuthi ndi nkhani. Adati m'chaka chake chomaliza akufuna kuchita kafukufuku wa mbiri ya Asikhi, anthu ochokera ku Punjab m'dziko la India, ndi momwe adapezekera kuno kwathu.

Pakhonde padati zii. Kenaka alamu anga, bambo wake wa mtsikanayo, adaseka, koma chiseko chake sichidali chachimwemwe.

"Iwe," adatero, "ine ndakalambira pakhomo pa sitolo ya Mmwenye ku Old Town kuja, kusenza mabelo mpaka msana kupindika. Fizi imene ukuphunzirirayo ndi thukuta lomwelo. Lero ukuti ukalembe buku lowatamanda?"

Mtsikanayo adatembenukira kwa ine. "Atsibweni, nanga inu mukuti bwanji?"

Ine, munthu amene ndaphunzitsa mbiri kusekondale zaka zambiri, ndidangoyang'ana pansi n'kumatokosa m'mano. Atabwerera kusukulu adandiimbira foni kuti mphunzitsi wina kumeneko wamuuzanso kuti asankhe mutu wina, ati umenewu si mbiri ya Malawi. Apo mpamene manyazi adandigwira. Yankho limene ndidalephera kupereka pakhonde paja ndi ili ndikulembali. Alamu anga ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo ndidzafikapo. Koma mphunzitsi uja adalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwakeko si kwa iye yekha. N'kwa ambiri a ife.

Tiyambe ndi dzina. Ife tili ndi thumba limodzi lotchedwa "Amwenye". M'menemo timaponyamo Msilamu wa ku Gujarat, Mhindu, Mkhristu wa ku Goa, munthu wa ku Pakistan, wa ku Bangladesh, nthawi zina ndi wa ku Lebanon yemwe. Tonse timapsa mtima Mzungu akamati "anthu a ku Africa" ngati kuti Mtonga wa ku Chintheche ndi Myoruba wa ku Ibadan amadyera mbale imodzi. Nanga ife tikamachita zomwezo kwa anzathu, nzeru zathu zikusiyana pati ndi za Mzunguyo?

Ambiri mwa eni masitolo amene timawaona ku Area 2, ku Bwalo la Njobvu ndi mumsewu wa Malangalanga, makolo awo adachokera ku Gujarat, kugombe la kumadzulo kwa India. Asikhi ndi ena. Kwawo ndi ku Punjab, kumpoto, dzina limene limatanthauza dziko la mitsinje isanu. Chipembedzo chawo chidayamba ndi Guru Nanak, amene adabadwa m'chaka cha 1469, ndipo adaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, anthu onse ndi ofanana, munthu adye thukuta lake ndi kugawira anzake. Pambuyo pake padabwera aphunzitsi ena asanu ndi anayi. Womaliza, Guru Gobind Singh, ndiye adakhazikitsa gulu la Khalsa mu 1699. Amuna adatenga dzina loti Singh, kutanthauza mkango, akazi nakhala a Kaur. Kusameta tsitsi ndi ndevu, kumanga nduwira kumutu ndi kuvala chibangili chachitsulo pamkono ndi zina mwa zizindikiro zawo. M'kachisi mwawo mumakhala khitchini yotchedwa langar, momwe aliyense, wolemera kapena wosauka, wachipembedzo chilichonse, amakhala pansi n'kudya ulere. Lero alipo oposa 25 miliyoni padziko lonse.

Wina anena kuti, chabwino, tamva, koma zikutikhudza bwanji ife a ku Biwi ndi ku Mgona? Zikutikhudza chifukwa anthu amenewa asadabwere ndi sikelo, adabwera ndi mfuti.

M'chaka cha 1891 Britain adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, natuma Harry Johnston kudzalilamulira. Koma kulengeza si kulamulira. Mafumu adalipo, ndi ankhondo awo, ndi mfuti zawo. Johnston adalibe asilikali Achizungu okwanira, motero adapempha ku India. Kaputeni Cecil Maguire adafika ndi asilikali pafupifupi 70, mwa iwo 40 adali Asikhi, otsalawo Asilamu a ku Hyderabad. Mu 1893 kudabweranso Asikhi ena pafupifupi 200. Amenewa ndiwo adali msana wa gulu lankhondo la atsamunda, mothandizana ndi Amakua a ku Mozambique, anthu a ku Zanzibar ndi Atonga athu omwe.

Tawerengani nkhondo zimene gulu limeneli lidamenya. Lidayamba ndi Chikumbu ku Mulanje mu 1891. Lidalimbana ndi Mponda ndi Makanjira kunyanja, komwe Maguire mwiniwake adaphedwa mu Disembala chaka chomwecho. Jalasi adawathamangitsa mu 1892 koma adagonja mu 1895. Kawinga ndi Matapwiri adagwa chaka chomwecho. Mu Disembala 1895 linga la Mlozi ku Karonga lidagumulidwa, mwini wake napachikidwa, ndipo mwezi womwewo Mwase Kasungu adasankha kudzipha m'malo mogwidwa. Mu 1896 Inkosi Gomani Chikuse wa Angoni a Maseko adaphedwa. Mu 1898 gulu lomweli lidadutsa kuno kuchigawo chapakati kukathyola Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo adawomberedwa. Mchinji, kumene ambiri a ku Chinsapo ndi ku Area 25 amati nkwawo, inkatchedwa Fort Manning. William Manning ameneyo adali msilikali wa gulu lankhondo la ku India amene adabwera kuno kudzatsogolera Asikhi, ndipo pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland.

Tsono ndifunse: ngati nkhondo zimene zidagwetsa Gomani, Mwase ndi Makanjira si mbiri ya Malawi, mbiri ya Malawi ndi iti? Ine ndemwe ndakhala ndikulemba pabolodi kuti "Johnston adagonjetsa mafumu", ana n'kumakopera, ngati kuti mkulu ameneyu adakwera yekha phiri la Mangochi ndi ndodo m'manja. Anthu amene adakwera phirilo tidawafufuta. Tikamaphunzitsa theka la nkhani, ana athu amakula akuganiza kuti Mzungu mmodzi adali ndi mphamvu za anthu chikwi. Bodza limeneli ndi limene atsamunda ankafuna kuti tizikhulupirira, ndipo ife tikupitiriza kulifalitsa popanda wotilipira.

Alamu anga adaopa kuti mwana wawo akalemba buku lotamanda. Apa mpofunika kumvetsetsana. Mbiri si ndakatulo yapaukwati. Wofufuza mbiri ali ngati nkhoswe yabwino, amamva mbali zonse asadagamule. Nkhondo zimene Asikhi adamenya kuno zili ndi nkhope ziwiri. Nkhope ina ndi yoti zidatseka njira za akapolo zopita ku Kilwa ndi kugombe la Mozambique, ndipo anthu ambiri adamasulidwa m'magoli. Nkhope inayo ndi yoti mfuti zomwezo ndi zimene zidatsegula njira ya msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa minda ndi thangata. Midzi idatenthedwa, ng'ombe zidalandidwa. Zonsezi ziyenera kulembedwa, ndipo woyenera kuzilemba ndi mwana wathu, osati kudikira mlendo.

Ndipo akamafufuza adzapeza chinthu china chopweteka. Asikhi amenewa nawonso adali anthu ogonjetsedwa. Adali ndi ufumu wawo wamphamvu pansi pa Ranjit Singh, likulu lake ku Lahore, koma Angerezi adaulanda mu 1849. Padangopita zaka 42, ana ndi adzukulu a ogonjawo ndiwo adakwezedwa sitima kudzagonjetsa ife. Oyamba kufika kuno adali a gulu lotchedwa Mazhabi, anthu amene kwawo komweko ankaonedwa ngati apansi, opanda minda, amene usilikali udali njira yothawira umphawi. Musathamangire kuwaweruza. Ife titagonja tidachita chiyani? Pofika 1899 ndi 1900 anyamata athu adali atavala kale yunifomu ya mfumukazi, akutumizidwa ku Mauritius, ku Somaliland ndi ku Ashanti, dziko la Ghana lero, kukawombera anthu akuda anzawo amene sadawalakwire kanthu. Mu 1902 gulu lawo lidasanduka King's African Rifles, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse azigogo athu adakafika mpaka ku Burma. Chipilala chawo chili ku Zomba. Umu ndi momwe utsamunda unkagwirira ntchito: kutenga wogonja wa uku kukamenyera wa uko. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana amene waphunzira za Msikhi wa pa Fort Johnston wamvetsa bwino agogo ake a ku Burma.

Tsopano tifike pa msana wa alamu anga. Ululu wawo ndi weniweni, ndipo sali okha. Lowani m'minibasi ya ku Area 23 kapena ku Kawale m'mawa, mudzakhala moyandikana ndi alonda, osenza katundu ndi antchito am'nyumba amene angakusimbireni za malipiro ochepa, mawu achipongwe ndi kusechedwa pachipata ngati mbava. Sindikubisa zimenezi, ndipo bwana aliyense wozunza wantchito, kaya ndi Mmwenye, Mzungu kapena Mchewa mnzathu, ayenera kukumana ndi lamulo. Koma funso ndi ili: kauntala imeneyi, yoti wina ali mkati wina ali kunja, adaikhoma ndani?

Johnston adali ndi maganizo ake okhudza dziko lino. Ankafuna kuti Mzungu azilamulira, Mmwenye akhale pakati, wakuda azigwira ntchito. Adakonda kwambiri mitundu itatu, yoyera, yachikasu ndi yakuda, moimirira anthu atatuwa, kufikira poiyika pa yunifomu ya asilikali ake Achisikhi. Makwerero amenewa ndiwo adadzakhala dongosolo la Nyasaland: sukulu zosiyana, madera okhala osiyana, malipiro osiyana. Wamalonda wa ku India ankapeza ngongole ndi katundu mosavuta pamene Mmalawi ankapanikizidwa ndi malamulo. Amene adali pakati ndiye ankaonekera kwa ife tsiku ndi tsiku, motero mkwiyo wathu wonse unkathera pa iye, wokhoma makwerero uja ali phee pakhonde ku Zomba akumwa tiyi.

Titalandira ufulu tidayesa kuthetsa vutoli ndi lamulo la pakamwa. Kuyambira mu 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuchoka m'midzi, ndipo pofika 1978 adali atasonkhanitsidwa m'mizinda monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Ambiri adachokeratu, napita ku Britain. Anthu adaomba m'manja. Koma pitani m'malo ochitira malonda akale m'maboma athu, mukaona mizere ya masitolo ogumuka, mbuzi zikugona pakhonde. Tidachotsa munthu koma sitidapatse wolowa m'malo mpamba, ngongole kapena luso losunga mabuku. Ku Uganda, Idi Amin adachita zoposa apo mu 1972, kuwapatsa masiku 90 okha, ndipo chuma cha dziko lake chidagwa chagada. Mkwiyo wopanda chidziwitso umawotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Ndi chifukwa chake ndikuti mwana wa munthu wosenza mabelo ndiye woyenera koposa onse kuphunzira mbiri imeneyi. Bambo ake amadziwa kulemera kwa belo. Iye adziwe amene adakonza kuti belolo ligwere pamsana wa bambo akewo.

Adzapezanso kuti si onse adakhutira ndi mpando wapakati. Ku Kenya, kumene anthu pafupifupi 32,000 ochokera ku India, ambiri a ku Punjab, adakamanga njanji yochokera ku Mombasa pakati pa 1896 ndi 1901, kudatuluka Msikhi wina dzina lake Makhan Singh. Iyeyu adayambitsa mabungwe a anthu apantchito ophatikiza Amwenye ndi anthu akuda, ndipo mu 1950 adaima poyera kufuna ufulu wa dzikolo. Atsamunda adamutsekera zaka 11 popanda kumupeza wolakwa m'khoti. Kodi sakukukumbutsani za Clements Kadalie wathu wa ku Nkhata Bay, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919? Onse awiri adali alendo m'dziko la eni, onse awiri adamenyera wantchito wosauka. Wophunzira wathu atawayika awiriwa patebulo limodzi, angatiphunzitse zambiri za mlendo ndi kalumo kake kakuthwa.

Apa ndafika pa chifukwa china chimene chimandiwawa kwambiri. Ife Amalawi ndife mtundu woyenda. Azigogo athu adapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, ena kudzera ku Wenela ndi ku Theba. Mu 1974 ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi. Ambiri sadabwerere konse, tidangowatcha machona. Lero lino yendani m'Chinsapo kapena m'Biwi, funsani nyumba zamalata atsopano kuti ndalama yake idachokera kuti, mudzamva kuti ku Joni. Ndipo mu 2008 ndi mu 2015 tidaona mabasi akubweza abale athu othawa zipolowe zodana ndi alendo, ena ali ndi jumbo lokha m'manja.

Apunjabi adayenda njira yomweyi ife tisadayiyambe n'komwe kuilemba. Mu 1914 sitima yotchedwa Komagata Maru idafika ku Vancouver m'dziko la Canada ndi anthu 376, ambiri Asikhi. Pafupifupi onse adawasunga padoko miyezi iwiri osawalola kutsika, kenaka n'kuwabweza. Amene mbale wake adagonapo ku Lindela podikira kuthamangitsidwa ku South Africa safunika womumasulira nkhani imeneyi. Mu 1947 Angerezi pochoka adadula Punjab pakati, Lahore nagwera ku Pakistan, Amritsar ku India, ndipo anthu mamiliyoni adasamuka, ochuluka zedi nafera m'njira. Ife Achewa, amene timaoloka malire a Mchinji kuti tikafike ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, tikudziwa tanthauzo la mzere wojambulidwa ndi mlendo pakati pa mtundu umodzi.

Kusiyana kwathu ndi iwo n'kwakuti anzathuwa adasunga nkhani yawo. Kulikonse kumene afika amamanga kachisi, amaphunzitsa ana chinenero chawo, amalemba mayina a amene adatsogola. Ku Amritsar kuli yunivesite yotchedwa Guru Nanak Dev, imene idatsegulidwa mu 1969, ndipo m'mayunivesite ena a ku Canada, ku America ndi ku Britain mbiri ya Asikhi imaphunzitsidwa ngati phunziro lapadera. Nanga ife? Mdzukulu wa mchona ku Mbare kapena ku Bulawayo akafuna kudziwa za mudzi wa agogo ake, agogoda pakhomo liti? Kuphunzira momwe anzathu adasungira mbiri ya ulendo wawo ndi njira imodzi yophunzirira kusunga yathu.

Ndikudziwa zimene otsutsa anena. Choyamba ati palibe poyambira, zolembedwa kulibe. Ameneyo ndi ulesi wovala tayi. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma. Ku Mandala mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Johnston mwiniwake adasindikiza buku lake lonena za dziko lino mu 1897. Ku Blantyre kuli kachisi wa Asikhi ndi mabanja amene akhala kuno mibadwo ingapo. Koposa zonse, ku Mangochi, ku Ntcheu ndi ku Kasungu kuli nkhalamba zimene zidamva kwa makolo awo za nkhondo zimenezi, ndipo chaka chilichonse tikuziika m'manda pamodzi ndi nkhani zawo. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri ati tiyambe tamaliza mbiri yathu tisadalowerere ya eni. Ndayankha kale kuti iyi ndi yathu. Ndingowonjezera kuti mmodzi mwa anthu amene adayala maziko a phunziro la mbiri ku Chancellor College adali Bridglal Pachai, wobadwira ku South Africa m'banja lochokera ku India, amene adalemba buku la mbiri ya dziko lino lotuluka mu 1973. Iye sadanene kuti za Amalawi si zake. Ife tikanirenji kubweza moto kumene tidapala?

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimasowetsa tulo makolo, ati mwanayo adzadya chiyani? Sindinama, digiri ya mbiri siitana ntchito pakhomo. Koma pitani ku msika wa Tsoka mukawerenge anyamata a madigiri a zamalonda amene akugulitsa kaunjika. Ulova sudasankhe phunziro. Chimene ndikudziwa n'chakuti dziko limene timachita nalo malonda, kumene odwala athu amatumizidwa ndi kumene ana athu amapita kukaphunzira, tiyenera kukhala ndi anthu olidziwa bwino. Manmohan Singh, nduna yaikulu ya India kuyambira 2004 mpaka 2014, adali Msikhi. Ajay Banga, amene adasankhidwa mu 2023 kutsogolera World Bank komwe timakapempha ngongole, ndi Msikhi. Rishi Sunak, nduna yaikulu ya Britain kuyambira 2022 mpaka 2024, ndi wa mtundu wa Apunjabi, ndipo makolo ake adabadwira ku Kenya ndi ku Tanganyika. Iwo akatumiza munthu kuno amakhala atatiwerenga. Ife timapita kukakambirana nawo tikungodziwa mtengo wa chitenje.

Pempho langa kwa aphunzitsi a m'mayunivesite athu ndi laling'ono. Sindikuti mutsegule nthambi yatsopano mawa. Ndikuti m'phunziro la mbiri ya Malawi muikemo mutu wa asilikali a ku India ndi amalonda amene adawatsatira. Wophunzira akabwera ndi funso lachilendo, musamutsekere chitseko, mulozereni njira ya ku Zomba ndi ya ku Mangochi. Ndipo kwa abale athu ochokera ku India amene dziko lino ndi kwawo, nanunso tsegulani mabokosi a zithunzi ndi makalata a azigogo anu. Mpanda umene umatibisa ife kwa inu ndi womwewo umene umakubisani inu kwa ife.

Mwezi watha ndidabwerera ku Kawale. Ndidawapeza alamu anga akukonza mpando pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndidawafotokozera zonsezi monga ndalembera pano. Kwawo ndi ku Mchinji. Nditafika pa dzina la Fort Manning adaika hamala pansi.

"Alamu, mukuti boma lakwathu lija lidatchedwa dzina la mkulu wa asilikali Achimwenye?"

Ndidavomera. Adakhala chete nthawi yaitali, akusisita msana wawo.

"Muuzeni alembe," adatero. "Koma akamaliza za mfutizo, abwere kuno ndi kope lake. Za mabelo ndimuuza ndine."